Manambala Otsika a Kachubu ka Madamu

Lolemba, 21 Okutobala 2024

Kutentha. Fumbi la ku Nkhamanga mpaka m'makabati a labu. Ndapukuta kawiri.

Madamu Isabella, aphunzitsi a fizikisi ochokera ku Zomba aja, anandiitana ndili ndi mopu m'manja. Ndimati ndaswa china. Ayi. Akuti akhala akuona m'mene ndimaikira mabotolo, aang'ono kutsogolo, aakulu kumbuyo, malembo onse kuyang'ana mbali imodzi. Akufuna munthu wotero aziwawerengera mita. Ndinawauza kuti ndinalekezera Sitandade 8. Anati, “Manambala umawadziwa? Basi. Madigiri ndili nawo ine, chimene ndilibe ndi nthawi.”

Miyezi yanga itatu yoyeserera ntchito pakoleji pano ikutha pa 8 Novembala. Madamu akasayina pepala, ndikhala wa mu labu. Akapanda kusayina, kubwerera kwathu ku Mwazisi kukathirira nazale za fodya.

Koma bwanji ine? Ophunzira alipo ambiri. Akuti ali pa mayeso. Mwina ndi zoona.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndilembe ndisaiwale.

Kachubu kagalasi, kutalika ngati chala. Kanachokera kunja ndipo ndi kamodzi kokha. M'kati muli kawaya kotentha ndi gasi wochepa, dzina lake zenoni. Kawayako kakatentha kamatulutsa tizinthu tosaoneka ndi maso, maelekitironi. Timawoloka gasi kupita ku kachitsulo ka kutsidya. Tina timagundana ndi gasiyo n'kupatuka, tina timafika. Madamu anati zili ngati kudutsa pa Bolero tsiku la msika utasenza dengu, ife tikufuna kudziwa angati amatulukira mbali inayo osagundidwa.

Mita ya kumanzere, mavolti, ndiye liwiro lake. Ya kumanja, timene tafika. Ife tikuyeza toyenda pang'onopang'ono. Ntchito yanga: kupotokola kabatani pang'ono ngati ka wailesi, kudikira nambala ikhazikike, kulemba. Kuyambira 0.2 mpaka 5.0. Tsiku lina tidzayezanso gasi atawumitsidwa ndi kuzizira, kuti msika ukhale wopanda anthu, Madamu afananize.

A Msiska anafunsa kuti manambala akuyenera kuyenda bwanji. Madamu anakana. “Ndikakuuzani, mudzandipatsa zimene ndikufuna. Ndikufuna zimene kachubu kakufuna.” Ine ndinaseka pang'ono. A Msiska ayi.

A Hezron Msiska. Oyang'anira labu zaka 26, mkulu wa mpingo, mnzawo wa malemu adada. Ntchito yosesayi anandipezera ndi iwo. Agwirizana kuti ine ndizilemba ndi pensulo mu kope, iwo azikopera ndi peni pa mapepala oyera opita kwa Madamu. Ndi m'mene labu ino imachitira kuyambira kale. Madamu akhala masabata atatu ku holo kuyang'anira mayeso.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndayamba.

Poyamba zabwino. 9, 21, 36, 47. Pa 1.0 panafika 52. Kenako 49. Kenako 45, 40. Pa 2.0, 31. Ine ndikuwonjezera mavolti, nambala ikutsika. Mpaka 5.0 kumangotsika.

Ndinazimitsa, ndinakhala pansi, ndinayambanso. Zomwezo. Kachitatu ndinayambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Zomwezo, kusiyana ndi imodzi kapena ziwiri.

Kodi ndagwira waya wina? Sindikukumbuka kugwira.

A Msiska anayang'ana kope nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno. Anangoti “Hmm.” Atsekera kope mu kabati yawo. Kiyi m'thumba.

Chakudya chamasana sindinadye.

Lachisanu, 25 Okutobala

Kunabwera a Laws, alangizi a ziweto, pa njinga yamoto. Kumbuyo atamanga chibotolo chachitsulo chimene amasungiramo mbewu ya ng'ombe zamphongo. Madzi ake ozizira koopsa, ofuka utsi, nayitirojeni. Amakawatenga ku Mzuzu. Madamu anawapempha kuti azitigawirako.

Munthu wolongolola. “NyaHarawa, usaviikemo chala, chingasanduke bisiketi. Ndani angakukwatire uli ndi zala zisanu ndi zinayi?” Ndinayang'ana pansi. Kenako ananyamula kachubu kuti akaone pawindo. A Msiska anakuwa, “Yayi, bwezani!” Anabweza akuseka. Ndinaona, anakagwira ndi zala ziwiri, pakati.

Tinazondotsa kachubu, nsonga yake m'madziwo. Gasi anauma. Ndinawerenga. Ulendo uno manambala okongola, kukwera kokhakokha, osabwerera. A Msiska anati, “Eya, izi ndiye nambala.”

Ndiye kuti a Lachitatu aja ndi olakwa? Koma ndinawerenga katatu.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ku tchalitchi a Msiska ndi amene anawerenga zolengeza. Pobwera ankhazi a Nelly, mlongo wawo wa adada amene ndikukhala nawo, anati Diana wabwera kuchokera ku Njakwa. Mwana wa achimwene awo a Msiska. Ali ndi satifiketi ya Folomu 4, akufuna ntchito. Anangonena akuyenda, ngati si nkhani.

Ine ndaisunga.

Lolemba, 28 Okutobala

Tsiku loipa.

Madamu anatulukira kuchokera ku holo ndi pepala lojambula mizere iwiri. Umodzi wa gasi, wina wa gasi wouma. Akuti ikufanana ngati mapasa, pamene siyenera kufanana. “Zikuoneka ngati m'kachubumu mulibe gasi. Kaya kanafa, kaya wowerenga sakuwerenga bwino. Chachitatu sindikuchiona.”

Anafunsa amene amakagwira. Ndinati ine ndimapukuta tebulo mozungulira, kachubu sindikhudza. Mawu anatuluka aang'ono ngati a munthu wabodza. Za a Laws sindinanene. A Msiska nawonso sananene. Chifukwa chiyani?

Chinthu china. Manambala anga a gasi amatsika, a gasi wouma amakwera. Angafanane bwanji ngati mapasa? Zojambula zawozo sindizidziwa. Mwina potsika pamajambulidwa mokwera.

Akuti ndibwereze.

Lachitatu, 30 Okutobala

Dzulo poweruka ndinaika ulusi wakuda pa chivundikiro cha bokosi la kachubu, ndi timadontho ta choko pomwe mawaya alumikizana. Lero m'mawa ulusi uli pomwepo. Choko chili pomwepo. Palibe wakhudza.

Ndawerenga kanayi. Zitseko zotseka kuti mphepo isalowe, ngakhale sindikudziwa ngati mphepo ili ndi kanthu. Ndinasinthanitsa mamita awiri aja, ya kumanja kupita kumanzere. Zomwezo. 52 pa 1.0, 31 pa 2.0. Ndawaloweza ngati ndime ya Sande Sukulu.

Kope atenganso a Msiska. Anandipatsa mango awiri a pakhomo pawo. Ndawaika m'chikwama, sindinadye.

Lachisanu, 1 Novembala

Ndinkapukuta mu ofesi ya Madamu. Mapepala oyera ali pa tebulo, osavundikira. Sindinawagwire, ndinangowerama.

Zolemba za a Msiska, zoongoka ngati za m'buku la nyimbo. Tsiku: 30 Okutobala. Wowerenga: Anesi Harawa. Pa 1.0, 52. Bwino. Pa 1.2, 56. Pa 2.0, 71.

71.

Ine sindinalembepo 71. Ndinawerenga ndi chala m'mwamba, mzere ndi mzere, mpaka pansi. Kuyambira 1.2 palibe nambala yanga ndi imodzi yomwe. Zonse kukwera ngati masitepe. Pamwamba dzina langa.

Ndinakatsuka mopu amene ndinali nditatsuka kale.

Lamulungu, 3 Novembala

Sindinapite ku tchalitchi. Ndinati mutu.

Ndikawerenga zonse zikugwirizana. A Msiska kope amatsekera. Za a Laws sananene, kuti mlandu wa kachubu ukhale pa ine. Diana wabwera nthawi yomweyi. Pa 8 pepala likapanda kusayinidwa, malo atseguka. Mango aja ndi a chiyani, kunditseka pakamwa?

Masana ndinawauza ankhazi. Anasiya kusankha nyemba. “Iwe, a Msiska? Amene ananyamula bokosi la maliro la adada ako? Khala waka chete. Mwana wa dzulodzulo akaneneze mkulu wa mpingo kwa munthu wobwera wa ku Zomba? Madamu akowo mawa asamutsidwa, ife tidzakhala pompano.”

Ndinafunsa, nanga ntchito? Anati ntchito imapezeka ina, dzina likaipa ku mpingo silitsukika. Dzina la ndani, sananene.

Lolemba, 4 Novembala

Sindikudziwa ndilembe bwanji.

A Msiska sindinawafunse. Anayamba okha, tikutsuka machubu oyesera a ophunzira aja pa sinki. Mawu apansi, achifundo. “Mwana wane, ndikuona wafooka. Usaope. Manambala ako aja ndakhala ndikukukonzera. Madamu sanaone kulakwitsa kwako ndi kumodzi komwe.”

Ndinangoti, “Yewo, adada.” Pakamwa panayankha pokha.

Anafotokoza ngati akuphunzitsa mwana. Zaka 26 akukonza zoyesa za magetsi. Ukawonjezera mavolti, magetsi amawonjezekera, buku lililonse likunena zomwezo. Mwana akapeza nambala yobwerera m'mbuyo ndiye kuti dzanja lanjenjemera kapena waya wamasuka. Nthawi zonse amawathandiza ana otero, kuwongola mzere kuti asalephere. Akuti analonjeza malemu adada kuchipatala kuti adzandiyang'anira. Diana akupita ku Karonga Lachinayi, wapeza malo mu sitolo.

Ndiye si chiwembu. Ndi chifundo.

Chikanakhala chiwembu bwenzi kuli kosavuta.

Ndinayesa. Ndinati, adada, koma ndinawerenga kanayi. Anamwetulira. “Munthu akhoza kulakwitsa kanayi mofanana. Wazolowera, basi.”

Mwina ndi zoona? Iwo zaka 26, ine masabata awiri.

Lachiwiri, 5 Novembala

Madamu anandiitana ndekha. Sanakalipe, ndipo ndi zimene zinandiopsa. Akuti Lachinayi a Laws abweretsa nayitirojeni womaliza, wina mpaka mwezi wamawa. Ndiwerenge komaliza. Zikatuluka mapasanso, kachubu akatumiza ku Zomba kuti anzawo akayese. Kakapezeka kuti ndi kabwino, ndiye kuti vuto ndi maso anga.

“Anesi, ndimakukonda, ndiwe waukhondo. Koma sindingasayine chinthu chimene sindinatsimikize.”

Anadikira. Ndikudziwa kuti anadikira kuti ndinene kanthu. Ndinayang'ana nsapato zawo, zofiirira, imodzi yothetheka kutsogolo. Ndinati, “Chabwino, Madamu.”

Ndikakhala chete: a Msiska akonzanso, mapasa atulukanso, Mwazisi. Ndikanena: munthu amene ananyamula bokosi la adada achita manyazi pamaso pa mayi wofanana ndi mwana wawo.

Komanso Madamu. Bwanji sanakhalepo pa mita okha ngakhale kamodzi? Mayeso, mayeso. Kapena akudziwa kale, akungondiyesa?

Lachitatu, 6 Novembala

Ndinapempha a Msiska kope langa kuti ndionemo. Akuti lili bwino pomwe lili.

Potunga madzi ndakhala ndikuyeseza mawu. Osatchula dzina la munthu. Osanena za mapepala. Ndingonena za ine ndekha. “Madamu, mwina maso anga ndi olakwa. Bwerani mukhale pambali panga muone nawo.” Mawu khumi ndi awiri. Ndawabwereza mpaka mayi wina pa mjigo anafunsa ngati ndikupemphera.

Akabwera n'kuona nambala ikukwera, ndiye kuti a Msiska akunena zoona, ndipo ndipita ku Mwazisi ndi mtima woyera.

Lachinayi, 7 Novembala

Ndinanena. Pakhomo la holo, ophunzira akulowa. Ndinaiwala theka, ndinangoti, “Madamu, bwerani muone nawo.” Anayang'ana wotchi. Anapempha aphunzitsi ena kuti awagwirire ola limodzi.

Anakhala pa situlo kumanja kwanga. A Msiska chiimire pakhomo, a Laws pawindo ndi chibotolo chawo. Madamu anati ndiziwerenga mokweza. Mawu anga ngati a udzudzu. 9. 21. 36. 47. 52.

Dzanja linaima pa kabatani. Anati, “Pitiriza.”

49.

Anawerama mpaka magalasi kutsala pang'ono kugunda mita. 45. 40. “Bwerera.” Ndinabwerera. 45, 49, 52. “Pita.” 49, 45, 40, 35, 31. Anawomba m'manja, anaimirira, situlo inagwa. “Ndi chimenechi! Ndi chimenechi ndimafuna! Kachubu kali moyo!” A Laws anati, “Amama, mwawina chiyani, tigawane?”

Anafotokoza mothamanga, theka sindinamve. Chimene ndagwira ndi ichi. Pa liwiro limodzi, cha pa volti imodzi, tizinthu tija timadutsa mu gasi ngati msika wabalalika, pafupifupi osagundidwa. Tikathamanga kuposa apo timayambanso kugundana, ndiye tofika timachepa. Nambala iyenera kutsika. Anthu amene anayamba kuziona zaka zana zapitazo nawonso anadabwa.

Ndiye sindinalakwitse. Ngakhale kamodzi. Ndinafuna kulira, ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

Kenako Madamu anasiya kuseka. Anapita ku ofesi, anabwera ndi mapepala oyera. Anawayala pambali pa mita. A Laws anati ali ndi ng'ombe yowadikira, anatuluka.

“Anesi, masiku onsewa umapeza zotsika?”

Ndinati inde.

“Nanga 71 uyu wachokera kuti? Kope lako lili kuti?”

Ndimaganiza kuti ndapeza njira yosatchula munthu. Panalibe. Ndinamva a Msiska akupuma kumbuyo kwanga. Ndikanati linatayika. Ndikanati ndinakopera molakwika ndine. Mawu ake anali okonzeka pakamwa, ndipo ankhazi akanandiyamika.

Ndinati, “Lili mu kabati ya a Msiska.”

Sindinatembenuke. Ndinamva makiyi. Anabweretsa okha, analiika pa tebulo ndi manja awiri. Anati, “Ndine, Madamu. Ndimati ndikuphimba mwana.” Madamu anatsegula kope, tsamba ndi tsamba, nthawi yaitali. Kenako anati, “Bambo Msiska, tiyeni ku ofesi.” Chitseko anatseka bwinobwino, osamenyetsa.

Ndinatsala ndekha ndi nayitirojeni akufuka. Ndinazondotsa kachubu, ndinawerenga za gasi wouma, poti akanatha. Ndinalemba zonse.

Lachisanu, 8 Novembala

Pepala lasayinidwa. Wothandizira mu labu. Madamu anati kuyambira lero kope lizipita kwa iwo m'mene lilili, ndi zofufuta zake zomwe. Anatinso, “Mlandu wina ndi wanga. Ndikanakhala pa situlo ija tsiku loyamba.”

A Msiska sanabwere. Akuti atumiza uthenga, chimfine.

Ankhazi amva kale, sindikudziwa kwa ndani. Pepala ndinawaonetsa. Analiyang'ana, anati, “Wachita bwino chomene,” ngati akuuza khoma.

Lamulungu, 10 Novembala

Zolengeza anawerenga munthu wina. Akazi awo a Msiska anandipatsa moni ndi nsonga za zala.

Lolemba, 11 Novembala

Ndinafika 7 koloko. Labu yotsegula kale. A Msiska ali pa situlo, kachubu kayaka, akupotokola kabatani okha. Kupita, kubwerera. Kupita, kubwerera. Moni wanga sanaumve, kaya anaumva.

Ndinayamba kusesa cha kutali. Patapita nthawi anati, osatembenuka, “Zaka 26. Kaya ndi ana angati ndinawawongolera zinthu zoona.” Sindikudziwa ngati amauza ine.

Kenako anadzuka, anandilozera situlo. Anatenga kope ndi pensulo yanga. “Khala apa. Werenga iwe, ine ndilemba.”

Ndinakhala. 47. 52. Pa 1.2 ndinati 49, maso anga osati pa mita, pa dzanja lawo.

Analemba 49.

Ndinayang'ana kawiri.